Za Pakhomo Pathu: Tizopeta ta Eid Tisagonere M'dengu



Ulendo uno tikambirana za singano ndi wulu. Abambo, musafulumire kutsegula tsamba lina ayi, chifukwa kutsogoloku muli gawo lanu.

Masiku apitawa tidapempha atsikana a kumadrasa kwathu kuti aliyense abwere ndi kanthu kamene adapeta yekha, kuti tione ngati tingakongoletse nato chipinda chophunziriramo pa Eid. Adabwera nato tochuluka ndithu: tina ta mwezi ndi nyenyezi, tina ta mzikiti, tina ta maluwa, tina tolembedwa mawu a Chiarabu. Manja a ana athuwa ndi aluso, Alhamdulillah. Koma titayala tonse pamkeka tidaona kuti toti n'kupachika pakhoma tidalipo tiwiri tokha. Tina tonseto kupeta kudatha kalekale, koma nsalu idali yopendekeka, m'mphepete mukusololoka, kumbuyo ulusi uli lendelende. Kena kadachita kutuluka m'dengu la zovala kali ndi chuku, ndipo mwana amene adabwera nako adati n'ka mayi ake, adakapeta iye asanayambe sukulu.

Titafunsa chifukwa chake, mtsikana wina adayankha mosabisa kuti, "Mwalimu, kupeta n'kokoma chifukwa umaona duwa likutuluka. Koma ukatha sudziwa chochita nako." Mwanayo adanena zoona. Ambiri a ife tidaphunzitsidwa kupeta, koma kumaliza sitidaphunzitsidwe. Wulu tidagula ndi ndalama ya usipa, maso tidawatopetsa pa nyali, koma tsiku la Eid nyumba imaoneka monga momwe idaonekera dzulo lake. Tsono mwana amene adakachezako kwa anzake m'tauni pa Khirisimasi amabwera ndi funso limene limatilasa mtima: kodi ife chikondwerero chathu n'chochepa?

Tikudziwa kuti alipo ena amene anena kuti kupachika tinthu m'nyumba pa chikondwerero n'kutsanzira a zipembedzo zina. Ife sitikuona choncho. Sitikunena zodula mtengo n'kuuimika pabalaza, ndiponso kukongoletsa nyumba si ibada, koma ndi chikhalidwe chabe, monga kuzira pansi pamene tikuyembekeza alendo. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) atafika ku Madina adapeza anthu ali ndi masiku awiri a masewera, ndipo adawauza kuti Allah wawapatsa ena awiri abwino koposa, amene ndi Eid-ul-Fitr ndi Eid-ul-Adha. Masiku amenewa ndi athu, ndipo n'koyenera kuti mwana aone ndi maso ake kuti afika. Abale athu a ku Egypt amapachika nyali zokongola zotchedwa fanus m'misewu ndi m'nyumba mwezi wonse wa Ramadhani. Ngakhale Kaaba imene timalunjika pa swala zisanu imavekedwa Kiswa, nsalu ya silika wakuda yopetedwa ndi ulusi wa siliva ndi wa golide, imene imasinthidwa chaka ndi chaka. Kale inkachokera ku Cairo, koma tsopano imasokedwa ku Makka komweko.

Malire alipo ndithu. Zithunzi za zamoyo sitipachika. Mayi Aisha (R.A.) adapachikapo nsalu yotchinga yokhala ndi zithunzi zotere, ndipo Mtumiki ataiona adaipidwa nayo n'kuichotsa, mayiwo n'kuidula kusokera mapilo. Tsono mbalame, agulugufe ndi nkhope za anthu tizisiye. Tikudziwa kuti chambo chimakoma kupeta, koma malo ake ndi m'mbale. Chinanso, ndalama ya wulu isadye ya zakaatul fitr. Muyeso wa sa' imodzi ya chakudya, umene ndi pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu pa munthu aliyense wa m'banja, uyenera kufika kwa osauka swala ya Eid isanachitike. Zimenezi zikatheka, pamenepo tiganize za khoma.

Nanga ntchitoyi tiigwire liti? Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo zaka zino ikumagwa m'dzinja. Mu 2025 Eid-ul-Fitr idali kumapeto kwa Marichi, ndipo kwa zaka zingapo zotsatira ikhala ikubwerera chakumayambiriro kwa chaka, mvula ili mkati. Kunyanja kuno nthawi imeneyi chinthu chonyowa sichiuma msanga, ndipo kumaliza chopeta kumafuna masiku oumika. Komanso masiku 10 omaliza a Ramadhani si a singano, ndi a swala za usiku ndi kufunafuna Lailatul Qadr. Chomwecho langizo lathu ndi loti ntchito yonse ithe m'mwezi wa Shaabani, kapena pochedwetsetsa m'masiku 20 oyamba a kusala. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ife taonapo amayi akusoka chingwe usiku wa mwezi woonekera, mpunga wa mawa usanasankhidwe.

Kwa amene mudzasoka muli pa swaumu, pali kanthu kena kamene ambiri sakaganizira. Chizolowezi chathu poika ulusi pa singano ndi kuunyambita. Ma ulama a madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsatira, adaikamba nkhani imeneyi kalekale. Imam An-Nawawi, amene adamwalira m'chaka cha 1277, adalongosola kuti munthu akanyowetsa ulusi ndi malovu, n'kuutulutsa, kenaka n'kuubwezanso m'kamwa uli chinyowere n'kumeza chinyezicho mwadala, swaumu yake yaonongeka. Chimodzimodzinso ngati utoto wa ulusiwo wasintha mtundu wa malovu iye n'kumeza. Wulu wofiira ndi wobiriwira ndiye amachita zimenezi kawirikawiri. Njira yake ndi yapafupi. Dulani kapepala kopyapyala, kapindeni pakati, ikani nsonga ya wulu m'katimo, ndipo lowetsani kapepalako pa diso la singano. Wulu amatsatira yekha, pakamwa osafikapo.

Tsopano tilowe m'ntchito yeniyeni. Kupeta kumene tikunena pano ndi kuja kwa pansalu ya mabowo, yolimba ngati sefa, kumene timadzaza bowo lililonse ndi wulu pogwiritsa ntchito singano yobuntha kunsonga. Amene sapeza nsaluyi m'sitolo amatenga chiguduli chochapa bwino, ndipo zimatheka ndithu. Popeza msoko uliwonse umapendekera mbali imodzimodzi, nsaluyo imakokeka pang'onopang'ono, kotero kuti chimene mudayamba chili cha ngodya zinayi zofanana chimatha chitapendekeka ngati khoma la nkhokwe yakale. Uku si kulephera kwa wopeta. Zimachitikira aliyense, ndipo mankhwala ake ndi kuwongola.

Musanathirepo madzi, yambani mwasamba m'manja ndi sopo, makamaka ngati mwagwira nsomba, pakuti fungo la mafuta a nsomba likalowa mu wulu limaitana mphemvu ndi makoswe. Kenaka tengani kansalu koyera konyowa n'kukakanikiza pa mtundu uliwonse wa wulu. Kakatuluka ndi utoto, dziwani kuti wulu ameneyo ngosuluka, ndipo chopetacho musachinyowetse kwambiri, mungochiwaza madzi pang'ono kumbuyo. Pezani thabwa losalala, yalanipo pepala loyera, ndipo jambulanipo ndi pensulo muyeso weniweni umene chopetacho chiyenera kukhala nawo. Bolopeni ayi, chifukwa inki imayenda ikanyowa. Ikani chopetacho chafufumimba, kumaso kwake pansi, ndipo chikokeni pang'onopang'ono pa ngodya ziwiri zimene zafupika mpaka chigwirizane ndi mizere ija. Khomani timisomali ting'onoting'ono mozungulira, motalikirana ngati chala chimodzi. Timisomalito tikhale kunja kwa chopetacho, pa nsalu yopanda wulu imene mudzaidula, chifukwa m'chinyezi cha kunyanja msomali umachita dzimbiri usiku umodzi wokha, ndipo dzimbiri silichoka pa wulu woyera. Thabwalo liikeni pamthunzi popita mphepo, osati padzuwa, kwa masiku awiri kapena atatu. Apa ndi pamene ambiri amalephera kudikira. Mukachotsa chisanaumitsitse chimabwerera mwakale, ndipo mwangovutika chabe. Simbi ya makala musaiyandikize kumaso kwa chopeta, pakuti imaphwatalitsa misoko, ndipo wulu wambiri wa m'misika yathu ngwapulasitiki, amasungunuka.

Chikauma, sokani mzere umodzi wa misoko ing'onoing'ono kuzungulira chopetacho, pafupi ndi pamene wulu wathera, kuti nsalu isasololoke. Amene muli pafupi ndi atelala apempheni akudutsitsireni pa makina, ndi ntchito ya kamphindi. Mukatero dulani nsalu yotsalayo, kusiya sentimita imodzi ndi theka mbali zonse. Osadula mopitirira pamenepo pofuna kuti chioneke chaudongo. Nsalu mukaidula siimeranso.

Mkati mwake mumafunika cholimbitsa. Ambiri amadula katoni ya sopo kapena ya tiyi, ndipo imagwira ntchito, koma ife timakonda chivindikiro cha pulasitiki cha chitini cha majarini, chifukwa sichimwa chinyezi ndipo sichipindika m'dzinja. Chimene sitifuna kumva ndi choti wina wang'amba chikuto cha buku la kumadrasa lokhala ndi ma ayah n'kudulamo. Dulani zidutswa ziwiri zofanana ndendende, zochepa pang'ono kuposa chopetacho. Pa chimodzi yalani thonje lopyapyala kapena kachigamba ka bulangete lakale, kuti kumaso kudzaoneke kotukuka, kenaka ikani chopetacho pamwamba.

Ngati ndi cha ngodya zinayi, yambani mwapinda ngodyazo, kenaka mbali zake. Ndi ulusi wolimba wa telala, lumikizani mbali ya kumanja ndi ya kumanzere kumbuyoko monga momwe timamangira zingwe za nsapato, ndipo muchite chimodzimodzi ndi mbali ya kumwamba ndi ya kumunsi. Kokani mofanana, ndipo muzitembenuza kawirikawiri kuona ngati mwezi wanu uli pakati. Ngati ndi chozungulira, sokani misoko yotalikirana m'mphepete monse, ikani chivindikiro chija pakati, ndipo kokani ulusi ngati mukumanga kukamwa kwa thumba. Nsalu ikaunjikana, idulenidulani timipata ndi nsonga ya sizasi, koma osafika pa mzere wa misoko uja. Mwezi wa nyanga ziwiri ndi nyenyezi ya nsonga zakuthwa n'zovuta kwambiri kupinda, ndipo ife tidaonongapo zingapo tisanaphunzire. Njira yabwino ndi kudzaza mozungulira ndi wulu wa mtundu wina, kuti mwezi ukhale mkati mwa bwalo, inu n'kumaliza bwalolo.

Ena afunsa kuti bwanji osangomata. Guluu amabowola nsalu n'kuonekera kumaso ngati banga, ndipo pakapita chaka amasanduka wachikasu. Phala la ufa wa chinangwa limagwira bwino ndithu, koma ndi chakudya, ndipo mphemvu zimadziwa zimenezi kuposa ife. Ulusi ndiwo ulibe mlandu, ndipo mukalakwitsa mumasula n'kuyambanso.

Chidutswa chachiwiri chija chikuteni ndi nsalu yopanda zithunzi, ngakhale chigamba chotsala pa mkanjo wa Eid. Phatikizani ziwirizo misana yake itayang'anana, ndipo sokani m'mphepete ndi misoko ing'onoing'ono yobisika, kusiya kampata kamodzi pamwamba pakatikati. Kumbuyo n'kofunika monga kumaso, chifukwa chopachika chimatembenuka ndi mphepo, ndipo alendo a pa Eid, makamaka anganga, amayamba atembenuza asanayamikire. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Abambo, gawo lanu lija ndi ili. Msoko wa m'mphepete umabisika ndi chingwe chopota, ndipo palibe wodziwa chingwe ndi mfundo kuposa munthu amene amakhala pagombe kusoka chilimira. Dulani zidutswa 4 za wulu, chilichonse chotalika katatu kuposa chingwe chimene chikufunika. Mangani mfundo mbali zonse ziwiri, kolekani mbali imodzi pa msomali, ndipo mbali inayo lowetsani pensulo n'kumazunguza mbali imodzimodzi mpaka wulu atayamba kudzipinda yekha mukafewetsa dzanja. Mwana agwire pakati, inu bweretsani nsonga ziwirizo pamodzi, ndipo muzitaya pang'onopang'ono kuyambira pamene mwana wagwira. Chingwe chimadzipota chokha, ndipo ana amasangalala nazo kwambiri. Mangani msanga kunsonga, chifukwa mukataya zonse zimamasuka. Ife tikafika pamenepa timakumbutsa ophunzira athu za Sura An-Nahl, ayah 92, pamene munthu woswa lonjezo akufaniziridwa ndi mkazi womasula ulusi wake ataupota kale molimba, ndipo amene wagwirapo pensulo ija saiwalanso tanthauzo lake. Bambo asachite manyazi ndi singano. Mayi Aisha (R.A.) adanena kuti Mtumiki ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza nsapato zake pakhomo, ndipo mayi Zainab bint Jahsh (R.A.) ankadziwika ndi ntchito ya manja ya zikopa, phindu lake n'kupereka sadaka.

Lowetsani nsonga imodzi ya chingwecho m'kampata kaja, chizungulitseni m'mphepete monse mukusokerera ndi ulusi wa mtundu womwewo, ndipo pofika pamwamba pindani kagonga kopachikira, nsonga yotsala n'kuibisa m'kampata komweko, kenaka tsekani. Amene akufuna mphonje kumunsi akulunge wulu pa bokosi la machesi maulendo 20, amange mbali imodzi, adule mbali inayo, ndipo amangenso kakhosi pang'ono pansi pa mfundoyo.

Tidikire pang'ono pa tija tolembedwa Chiarabu, pakuti apa ndi pamene ife a kumadrasa timagwira mtima. Mwa tiwiri tomalizidwa tija, kamodzi kadali kokongola zedi, kobiriwira, zilembo zake zoyera, koma titakawerenga tidalephera kudziletsa kuseka. Mawu oti Eid amalembedwa ndi zilembo zitatu: Ain, Ya ndi Dal. Chilembo cha Ya chili ndi timadontho tiwiri pansi pake. Mwanayo adapeta tonse tiwiri, koma adatiika m'mphepete kwambiri, ndipo popinda nsalu kadontho kamodzi kadapita kumbuyo. Ya wa kadontho kamodzi ndi Ba, ndipo Ain, Ba ndi Dal ndi Abd, kutanthauza kapolo. M'malo mwa Eid Mubarak khoma likadalonjera alendo ndi mawu oti kapolo wodalitsika. Si mawu oipa, pakuti tonse ndife akapolo a Allah, koma si amene mwanayo adafuna kulemba. Chomwecho musanadule nsalu, pitani nacho kwa mwalimu kapena kwa mwana amene wapita patsogolo ndi Qur'an awerenge mokweza. Siyani mizere itatu kapena inayi ya wulu pakati pa timadontho ndi m'mphepete, ndipo pakati pa kadontho ndi kanzake pakhale bowo limodzi la mtundu wina, chifukwa wulu wonenepa amaphatikiza tiwiri kukhala kamodzi.

Za dzina la Allah ndi ma ayah a Qur'an, ma ulama amasiyana maganizo pa nkhani yozipachika pakhoma, ena amalola, ena sakondwera nazo. Maganizo athu ndi oti pa tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti tisalembepo. Kanthu kopachika pa kachingwe kamagwa, mwana wokwawa amakatola n'kuika m'kamwa, mawa lake mukapeza kali paphulusa nkhuku zikukapalasa. Eid Mubarak, Ramadhan Kareem kapena Marhaba n'zokwanira. Amene mudapeta kale dzina la Allah, malizani mwaulemu, pachikani pamwamba pa msomali wolimba, kutali ndi khomo la bafa ndi utsi wa kukhitchini, ndipo musachiyese chithumwa chotchinjiriza nyumba, pakuti wotchinjiriza ndi Allah yekha. Chikadzatha ntchito sichipita kudzala. Chikwirireni pamalo oyera kapena chitentheni, monga momwe Khalifa Uthman (R.A.) adalamulira kuti zolembedwa zina zitenthedwe pamene ankasonkhanitsa Asilamu pa Mus'haf imodzi.

Popachika, mangani chingwe chimodzi kuchokera pa zenera kufika pa khomo, pamwamba poti ana safikira, kutali ndi nyali ndi mbaula. Mbali ya Qibla, pamene banja limayala mswala, pasiyeni poyera kuti maso asasokonezeke pa swala. Eid ikapita chotsani, kung'unthani fumbi, kulungani m'nsalu youma, ndipo sungani m'chitini chotseka pamodzi ndi masamba ouma a nimu. Pakapita masiku pafupifupi 70 Eid-ul-Adha imakhala yafika, ndipo mudzangotsegula chitinicho. Kumbuyo kwa kalikonse petani kapena lembani zaka zonse ziwiri, ya Hijra ndi inayi, mwachitsanzo 1447 ndi 2026, kuti ana azolowere kuona chaka chawo cha Chisilamu chitalembedwa.

Ka chuku kaja tidakapukuta ndi kansalu konyika m'madzi a viniga, n'kukawongola pa thabwa masiku atatu. Banga limodzi lidakana kuchoka, pafupi ndi khomo la mzikiti, ndipo mwanayo adapetapo kamtengo ka kanjedza kulibisa. Chingwe adapota ndi bambo ake madzulo atabwera kunyanja. Mayi ake sadziwa kanthu mpaka lero, ndipo mwanayo watipempha kuti kakhale m'kabati ya kumadrasa kufikira usiku umene mwezi wa Shawwal udzaoneke, Insha Allah.